Pakadafunda padajiwitsa galu

Mayi wa ku Area 25:
Mwaswera bwanji nonse a pagulu pano. Pepani lero ndilemba zambiri, mundipirire. Ndakhala ndikungowerenga osayankha kwa miyezi koma lero zandikulira, ndikufuna maganizo anu ndi mapemphero. Loweruka likubwerali amayi a Chigwirizano kwathu tikupita kukacheza ndi akaidi ku Maula, tasonkha sopo, shuga, mchere ndi tizovala, nde pa msonkhano wathu amayi atcheya anangoti mayi inu ndi amene mukagawe mawu kumeneko. Ine pakamwa ndinati chabwino koma mtima unangoti phwii. Chifukwa chake amayi anzangawo sakuchidziwa. Mwana wa mlongo wanga ali komweko pa rimandi, ndipo amene anamumangitsa ndine ndemwe.

Ndinamutenga kumudzi ku Ntchisi atamaliza Fomu 4 kuti azindithandiza geni yanga ya kaunjika, ankadya mbale imodzi ndi ana anga, makiyi onse ndinamupatsa. Tsiku lina ndinamutuma ndi ndalama ya mabelo awiri, ndalama yobwereka ku banki m'khonde, mwana uja sanabwerenso, foni kuthimitsa. Tinamupeza patatha masabata atatu ndalama itatha yonse. Ndinapita naye ku polisi ndili ndi ukali, pano yakwana miyezi 7 sindinapondeko kukamuona. Alongo anga sitiyankhulana, pa maliro a amalume mwezi watha tinangodutsana ngati anthu achilendo. Ngongole ija ndikubwezabe mpaka lero, ndinagulitsa firiji.

Zaka 19 ndikuvala bulauzi yoyera, kumaliro ndimaimba usiku wonse, kwa odwala ndimapita, zonsezo sizindivuta chifukwa ndinazizolowera. Koma ichi chokha ayi. Ndikuganiza zonena kuti ndadwala. Ndithandizeni.

Mtsikana wa kwaya, Zomba:
Iii amama pepani, nkhani yanu yandikhudza. Tikupemphererani

Mkulu wa mpingo, Kawale:
Mayi, zikomo potikhulupirira ndi nkhani yolemera chonchi. Choyamba chotsani kaye maganizo onama kuti mwadwala, bodza limenelo likuvutitsani kuposa ulendowo. Chachiwiri ine ndikuona kuti sizinangochitika kuti pa amayi onsewo akuloze inu. Yona anatumidwa ku Nineve iye nkukwera chombo cha ku Tarisi, osati chifukwa samadziwa kulalikira, koma sankafuna kuti anthu amene iye ankadana nawo achitiridwe chifundo, werengani mutu 4 amanena yekha poyera. Enafe Nineve wathu sali kutali, ali m'banja mwathu momwe. Ndipo kuimba kumaliro ndi kwabwino ndithu sindikunyoza, koma ntchito imene munthu umaigwira osamva kulemera kwake siimakulitsanso chikhulupiriro, imangokusunga pomwe uli. Akulu anati pakadafunda padajiwitsa galu.

Wa ku Joni:
Akulu ndikulemekezani koma apa ndiye ndikutsutsani pang'ono. Mayiwa ndi amene analakwiridwa, firiji yapita, ngongole ili pakhosi, nde tiwasenzetsenso katundu wina woti akapanda kupita ndi Yona? Ine zomati choka pomwe unazolowera, dumpha mwa chikhulupiriro, zinandipweteka ine. Kuno ku Johannesburg ndinkapemphera kwa m'busa wina, sindimutchula, anatiuza kuti amene akufuna kukwera asiye kudalira malipiro abzale mbewu yoopsa, ine ndinapereka ndalama ya lendi yonse ndi yomwe ndimayenera kutumiza kwa mayi anga ku Mangochi, mwezi umenewo ndinagona pa khonde kwa mnzanga ku Mayfair kukuzizira mu Juni, m'busa uja foni osayankha. Nde mawu amenewa ndikawamva thupi limachita tsembwe. Si chilichonse chowawa chimene chimachokera kwa Mulungu.

Mkulu wa mpingo, Kawale:
Achimwene a ku Joni mwanena zoona ndipo pepani ndi zomwe munakumana nazo. Satana nayenso anamuuza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa kachisi, mpaka anatchula vesi, Ambuye anakana kuti usamuyese Mulungu wako, Mateyu 4. Kusiyana kwake ine ndimakuona apa. Munthu akakuuza kuti dumpha, yang'ana amene apindule ndani. Kwa inu amene anapindula ndi thumba la m'busayo. Apa mayiwa akapita palibe amene atolere kanthu, ndipo lamulo lake silochokera kwa munthu, lili pa Mateyu 25:36 pomwe Yesu akudziika yekha m'gulu la a m'ndende. Komanso sindikuti akathetse mlandu, ayi. Ndikungoti akamuone.

Mayi wa Dorika, Ndirande:
Asisi a ku 25, ine ndikuyankhulani ngati mayi mnzanu amene ndinadutsamo, ngakhale yanga inali ya mtundu wina. Nthawi ya Freddy mu Malichi 2023 madzi ndi matope atatsika m'phiri la Soche kukokolola nyumba ku Chilobwe, anthu ambiri anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, ife a Dorika tinkaphika phala kukagawa. Kugawa phala kunalibe vuto, umapita, umajambulitsa, umabwera kwanu kukagona pouma. Nde tsiku lina pa mzere ndinaona mayi amene anandilanda banja langa loyamba, ali ndi ana awiri, chitenje chimodzi chonyowa, mwamuna uja anali atamusiyanso kalekale. Anandizindikira nkuzyolika. Manja anga ananjenjemera chikho chija phala kutayikira pa phazi langa. Ndinamupatsa osamuyang'ana kumaso, ndinabwerera kunyumba koma tulo osabwera, mvula ikungogunda pa malata ine ndikuganiza ana aja agona pa simenti. M'mawa ndinauza bambo akunyumba, iwo anangoti zili ndi iwe. Ndinapita kukawatenga, anakhala kwathu masabata asanu m'chipinda cha ana.

Sindikunamizani kuti zinali zokoma. Masiku ena ndinkalowa kubafa kukalira, kumuona akupalasa moto pa mbaula yanga mtima umawira. Sitinakhale mabwenzi mpaka lero, timangopatsana moni. Koma pemphero la Ambuye lija pofika poti mutikhululukire monga ifenso tikhululukira, kwa zaka 14 ndinkangong'ung'udza pamenepo kuti padutse, pano ndimatchula mawu onse momveka. Chimene ndinapindula ndi chimenecho basi.

Mtsikana wa kwaya, Zomba:
Amama a Dorika mwandiliza ine. Ine ndimaona ngati kutuluka pomwe unazolowera ndiye kupita kukalalikira m'basi kapena kuima kutsogolo kugwira maiki, chifukwa ine chimene ndimaopa ndi chimenecho, akandipatsa kuti nditsogolere nyimbo mawu amauma. Koma izi ndi zina

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Chemwali a kwaya musadzichepetse, yanuyonso ndi nkhondo, Mose amene anakana kuti pakamwa pake mpolemera, Eksodo 4:10, Yeremiya anati ndine mwana. Aliyense ali ndi mtsinje wake woti awoloke. Ine ndimaphunzitsa mbiri nde mundilole ndiponyepo kamodzi. Timatchula kwambiri a Robert Laws ndi azungu anzawo amene anafika ku Cape Maclear mu 1875, koma mu 1876 kunabweranso anyamata achikuda ochokera ku Lovedale ku South Africa, mmodzi mwa iwo William Koyi. Iyeyu ndi amene anapita kukakhala pakati pa Angoni a M'mbelwa nthawi imene aliyense m'mbali mwa nyanja ankanjenjemera akamva za Angoni, chimene chinamuthandiza nchoti chiyankhulo chake cha Chixhosa chimamvana ndi Chingoni. Anamwalira konko ku Njuyu mu 1886, kwawo sanabwerereko kukakalamba. Mpingo wa kumpoto uja mizu yake ina ili pa munthu ameneyu amene anapita kwa anthu oopedwa. Komanso a Katolika pano atikumbutse za kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992.

Wa mphakati, Chilomoni:
Eya aphunzitsi, inali Lamulungu loyamba la Lenti, ine ndinali mnyamata wotumikira pa guwa. Kalata ikuwerengedwa m'tchalitchi munali zii, anthu kumangoyang'anana chifukwa nthawi ya Kamuzu zinthu ngati kumanga anthu popanda mlandu sizinkatchulidwa ngakhale kuchipinda. Bambo anga pobwerera anatiuza kuti aliyense atseke pakamwa. Maepiskopi anaitanidwa kukafunsidwa ndi apolisi, a John Roche a ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, kalatayo inaletsedwa. Chaka chotsatira pa 14 Juni 1993 tinavota riferendamu. Akanafuna akanangolemba za kusala kudya basi palibe akanawakhudza.

Wa ku Joni:
Zonsezo nzabwino koma abale tabwererani kwa mayiwa, iwo si episkopi, ali ndi Loweruka pakhomo. Funso langa ndi ili, akapita mwanayo akakawatukwana pamaso pa amayi anzawo? Kapena akakayamba kulira kuti andichotse, iwo mtima nkufewa, abwerenso kunyumba adzabenso? Kukhululuka ndi kupusa malire ake ali pati?

Mayi wa ku Area 25:
Achimwene mwandifunsira funso lomwe likundisowetsa tulo. Ndipo kunena zoona china chimene ndikuopa ndi manyazi, amayi anzanga adziwe kuti mayi amene amatsogolera mapemphero anatsekeretsa mwana wa mlongo wake. Kumudzi akuti ndinasankha ndalama kusiya magazi. Koma nanga ndikanatani, a banki m'khonde anabwera pakhomo kudzakhala pakhonde mpaka madzulo aneba akuonerera. Ndikaganiza zimenezo ukali umabwereranso ngati zachitika dzulo.

Mayi busa, Kasungu:
Mwana wanga, ndawerenga zonse kuyambira pamwamba. Kupita ku polisi sunachimwe, usalole munthu akunamize, kuba ndi kuba. Chimene chikukudya si polisi, ndi miyezi 7 ija. Tamvera, kukhululuka ndi kubweza makiyi ndi zinthu ziwiri. Ukhoza kumukhululukira lero koma makiyi osamupatsa mpaka ataonetsa zipatso, pamenepo palibe kupusa. Yosefe abale ake atafika ku Igupto sanangothamanga kuwakumbatira tsiku loyamba, anawayesa kaye mpaka anaona kuti Yuda wasintha, wadzipereka m'malo mwa Benjamini, ndiye pamene analira mokweza. Werenga Genesis 42 mpaka 45 usiku uno.

Kenako werenga kalata ya Filemoni, ndi mutu umodzi wokha mavesi 25, sutha ndi mphindi zisanu. Onesimo anathawa kwa mbuye wake ndipo zikuoneka kuti anamulakwira pa chuma, Paulo ali m'ndende akumubweza nkunena kuti umulandire ngati m'bale, ngati ali ndi ngongole uiike pa ine. Taona Paulo sakunena kuti ngongole kulibe. Ilipo, akuitchula. Iwenso ukapita usakanamizire kuti palibe chinachitika, ukamuuze kuti unandipweteka, firiji ndinagulitsa, koma ndine azakhali ako ndabwera.

Za manyazizo, uwaimbire amayi atcheya mawa uwauze wekha asanamve kwa ena. Ukadabwa kuti pa amayi amene mukupita nawowo angati ali ndi wawo mkati kapena anakhalapo, amangobisa ngati iwe. Ndipo ngati kugawa mawu kukulemera pamodzi ndi zinazi, palibe tchimo kupempha kuti wina agawe iwe ungopita. Mulungu sakufuna ulaliki wako Loweruka, akufuna mapazi ako.

Wa ku Joni:
Apo ndiye ndagwirizana nazo amayi busa. Makiyi ayi. Zikomo

Mnyamata wa ku Mzuzu:
Ndakhala chete koma ndiyankhule ngati munthu amene anakhalako mkati, miyezi 11, ndende sinditchula. Ambiri pagulu pano simukudziwa ndipo lero ndi koyamba kunena. Amama, chimene chimapha munthu mkati muja si njala yokha ngakhale njala ilipo, nsima kamodzi patsiku ndi nandolo kapena nyemba, kugona mothithikana moti kutembenuka mumachita kupangana. Chimene chimapha ndi nthawi ya alendo, mayina akuitanidwa lako osamveka, sabata ndi sabata, mpaka umasiya kutchera khutu. Magulu a mpingo akabwera timasangalala inde, sopo timalandira, koma umadziwa kuti abwerera tonse, sanabwerere iwe. Ine amene anabwera kudzandiona ndi agogo anga aakazi, kuchoka ku Ekwendeni ndi kaphukusi ka chinangwa chophika, ndipo ndalama imene ndinaba inali yawo ya fodya. Sanalalikire, anangoti wawonda, idya. Ndinalephera kumeza. Kutembenuka kwanga kunayambira pa chinangwa chimenecho osati pa chitsitsimutso ayi.

Mwina wanuyo akakhala wouma mtima tsiku loyamba, musakadabwe, manyazi a mwamuna amatuluka ngati ukali. Komanso miyezi 7 pa rimandi ndi yambiri, mukafunse kuti mlandu uli pati, a Legal Aid Bureau amathandiza anthu opanda ndalama ya loya. Foni mukasiya pa geti, ndipo chakudya chophika amatha kukuuzani kuti mulawe kaye.

Mkulu wa mpingo, Kawale:
Mwana wanga wa ku Mzuzu, iwenso lero watuluka m'ngalawa. Ambuye akudalitse, pagulu pano palibe akuweruze.

Mtsikana wa kwaya, Zomba:
Achimwene zikomo potiuza. Ine Lamulungu ndivomera nyimbo ija basi, mawu akauma aume

Adimini:
Abale chonde zomwe zanenedwa muno zithere muno, osajambula kutumiza kumagulu ena. Lachisanu 9 koloko usiku aliyense pomwe ali tipemphere limodzi chifukwa cha mayi athuwa, amene angathe kusala asale.

Mayi wa ku Area 25:
Zikomo nonse, ndilibe mawu. Amayi atcheya ndawaimbira m'mawa uno, anakhala chete kanthawi kenako anati mwana wawo woyamba anakhalako zaka ziwiri kalekale, ine zaka zonsezi tikukhala benchi imodzi osadziwa. Akuti mawu ndigawebe koma akhala pambali panga.

Wa mphakati, Chilomoni:
Mayi zayenda bwanji dzulo? Takhala tikudikira

Mayi wa Dorika, Ndirande:
Asisi tiuzeni ngakhale mawu amodzi

Mayi wa ku Area 25:
Pepani dzulo ndinafika mutu ukuwawa ndinangogona. Ndinapita. M'minibasi amayi akuimba ine pakamwa pouma gwa, pa geti miyendo inachita ngati si yanga, ndinatsala pang'ono kubwerera koma amayi atcheya anandigwira dzanja osalisiya. Ndinaphika nkhuku ya lokolo ndi mpunga chifukwa ndi zomwe amakonda, usiku wa Lachisanu ndikuphika ndinkadzifunsa kuti ndikuphikira wakuba ine, koma ndinaphikabe.

Mawu ndinagawa pa Ahebri 13:3, kumbukirani a m'ndende ngati kuti mwamangidwa nawo pamodzi. Zomwe ndinakonza papepala theka ndinaiwala, ndinangowauza kuti ine ndaima pano ndili ndi mwana wanga pakati panu amene sindinamuone miyezi 7, ndiye vesili likuyamba kudzudzula ine. Sindinamuone pagulupo, kunali anthu ambiri. Titamaliza ndinapempha kwa oyang'anira, anamuitana. Abale mwana uja wawonda, khungu latuwa, ali ndi zilonda m'manja, malaya amene wavala ndi omwe ndinamupatsa ine kuchokera m'belo chaka chatha, kolala yatha. Anaima patali maso pansi. Ine zonse zimene amayi busa anandiuza kuti ndikanene zinathawa, ndinangoti wadya? Anapukusa mutu. Anakhala pansi nkutsegula kontena, anadya nthuli imodzi basi nkutsekanso akuti zotsalazo akagawana ndi anzake amene amagona nawo.

Sanapepese. Ndinadikira koma sanatero, ndipo zinandiwawa, sindikubisirani. Ine ndinamuuza za firiji ndi za ngongole, anangomvera misozi ikugwera pa kontena paja. Nthawi itatha akumutenga anatembenuka nkuti azakhali, adadi akudziwa kuti mwabwera? Ndinati ayi. Anati muwauze.

Nde pano foni ili m'manja, nambala ya alongo anga ndaitsegula kanayi kutsekanso. Ukali sunathe wonse, makiyi sindikuganizako nkomwe. Lachiwiri ndipita kukafunsa za mlandu uja kuti uli pati monga ananenera mwana wa ku Mzuzu. Koma foni iyi ndiye yandikanika, ndiyambe bwanji, ndinene kuti chiyani munthu tinadutsana pa maliro.

Mayi busa, Kasungu:
Uyambe ndi moni, ufunse za kumunda, kenako unene kuti mwana ndamuona, wawonda koma ali moyo. Zinazo zibwera zokha. Imba tsopano asanagone, kumudzi amagona msanga.

Mnyamata wa ku Mzuzu:
Ulendo wina mukamutengere mafuta odzola ndi sopo wa mankhwala, zilondazo mwina ndi mphere, zimafala kwambiri mkati muja

Mayi wa ku Area 25:
Chabwino mwana wanga ndalemba. Mayunitsi anatha, ndatuma mwana pa okala akagule, akangobwera ndiimba.